Dalaivala ndi Nthunzi ya pa Galasi

Galimoto ikagona panja ku Salisbury Lines, mu mzinda wa Mzuzu, m'mwezi wa Juni kapena Julayi, imadzuka itanyowa mbali ziwiri. Kunja kumakhala mame okhaokha, ndipo amenewo savuta, mawaipa amawasesa kamodzi basi. Kovuta ndi kunyowa kwa mkati, nthunzi yoyera imene imayala pa galasi lakutsogolo, kumene mawaipa safikako. Dera limeneli lili kumunsi, pa nthaka ya dambo. Madzi sali patali, ukangokumba pang'ono wawapeza, ndipo mvula ikachuluka amalowa mpaka m'nyumba za anthu. Mzinda wa Mzuzu nawo uli pokwera, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, m'mphepete mwa mapiri a Viphya. Usiku wa miyezi imeneyi kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo mpweya wozizira, poti ndi wolemera, umatsetserekera kumalo otsika n'kukagona kumeneko pamodzi ndi nkhungu. Galimoto yoimikidwa kumeneko imakhala usiku wonse pakati pa chinyezi ndi chisanu.

Ambirife tikalowa m'galimoto yotere timangopukuta ndi chikhatho kapena mkono wa juzi, kutsegula kabowo koti diso lisuzumirepo. Kabowoko sikachedwa kutsekeka. Tisanafike n'komwe m'tauni tayambanso kupukuta, dzanja limodzi pa chiwongolero, lina pa galasi, khosi litasololoka. Choipa n'chakuti chikhatho chimasiya mafuta. Nthunzi ikauma mafutawo amatsala, ndipo madzulo galimoto yochokera kutsogolo ikakuwalitsa nyali, kuwala konse kumamwazikana pa mizere ya zala ija, msewu osaonekanso.

Pali madalaivala ena, si ambiri, amene galasi lawo silichita zimenezi. Mmodzi ndi bambo wachikulire wa m'derali amene amayendetsa Sienta yonyamula anthu. Anakulira pa malole a matabwa a ku Chikangawa, ndipo anyamata a pa siteji amangowaitana kuti adada, monga aitanira munthu wamkulu kuno kumpoto. Ukakwera galimoto yawo mbandakucha, anthu atadzaza, aliyense akupuma utsi m'kamwa chifukwa cha kuzizira, galasi limakhala mbee kuyambira pangodya ino mpaka iyo. Kansalu kopukutira ali nako, koma pa ulendo wonse sakakhudza. Anthu amati galimotoyo ndi yabwino. Galimotoyo ndi yakale ngati zinzake zonse za pa sitejipo. Kusiyana kuli pa zimene mwini wake amachita, ndipo zambiri amazichita dzulo lake.

Madzulo akatsitsa munthu womaliza, amatsegula mawindo onse n'kuyenda choncho kamtunda kotsala kokafika kunyumba, kaya kukuzizira bwanji. Mpweya umene wakhala m'galimoto tsiku lonse ndi wofunda ndiponso wodzaza madzi: mpweya wa m'mapapo a anthu, thukuta, majekete onyowa ndi mvula yowaza ya chiperoni, madengu a masamba owazidwa madzi, nsomba za ku Nkhata Bay. Akautsekera mkati, usiku wonse madziwo amakhala akusamukira pa galasi. Choncho amautulutsa usanagone. Akafika amasolola mamati a pansi, kuwakung'untha, n'kuwapachika pa khonde. Ambulera yoiwalidwa, chiguduli chotsukira matayala, botolo lotseguka, zonse zimatuluka. Kenako amagwada pa khomo la kutsogolo, n'kukanikiza kapeti ndi kuseri kwa dzanja, kumene khungu limamva msanga kuzizira kwa madzi. Amakanikiza pansi pa mapedulo, pansi pa mpando wa wokwera, m'mbali mwa zitseko. Pansi pa kapeti pali chinkhupule chokhuthala chimene chimatha kusunga madzi milungu ingapo pamwamba pakuoneka pouma. Galimoto zambiri zimene zimavutitsa ndi nthunzi m'mawa uliwonse, madzi ake amakhala pamenepo, kapena m'dzenje la tayala la sipeya kumbuyo, mmene mwini wake sayang'anamo mpaka tsiku lophulika tayala.

Akapeza ponyowa safulumira kupukuta, amayamba afufuza kumene madziwo alowera. Pansi pa mawaipa, pakati pa galasi ndi boneti, pali kakhwawa kamene kamalandira madzi a mvula n'kuwatayira pansi kudzera m'timabowo ta m'mbali. Mpweya wolowa m'galimoto umakokedwanso pomwepo. Masamba, fumbi ndi timasingano ta paini zikatseka timabowoto, madzi amadikha, n'kutsikira mkati kudzera pa fani. Adadawa amatola zinyalalazo ndi zala, n'kupisa kawaya m'timabowo. Amapisanso m'timabowo ta pansi pa zitseko, poti chitseko cha galimoto chimalowa madzi mvula ikamagwa ndipo chimayenera kuwataya. Labala wa m'mphepete mwa chitseko amamuyesa ndi pepala: kulipanikiza potseka, n'kulikoka. Likasololoka mosavuta, labalayo watha ntchito pamenepo.

Chifukwa chimene zonsezi zimagwirira ntchito n'chimodzi. Mpweya umanyamula madzi osaoneka, ndipo wofunda umanyamula ambiri kuposa wozizira. Pa madigiri 30, mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse ungasunge magalamu pafupifupi 30 a madzi. Pa madigiri 20 ungasunge 17, pa madigiri 10 ungasunge 9 okha, ndipo pa 0 ndi pafupifupi 5. Mpweya wofunda ukakhudza chinthu chozizira umazizira nawo, n'kutula madzi amene sungathenso kuwanyamula. Ndi zomwe zimachitika kunsi kwa chivundikiro cha poto wa nyemba pamoto. M'galimoto chinthu chozizira kwambiri ndi galasi, chifukwa ndi lopyapyala, lilibe chofunda, ndipo lakutsogolo limayang'ana kumwamba. Usiku wopanda mitambo limataya kutentha kwake mlengalenga mpaka kuzizira kuposa mpweya wolizungulira. N'chifukwa chake adadawa amayala katoni pa galasilo kunja, n'kuipanitsa ndi mawaipa. Usiku wa mitambo nthawi zina saivutikira. Usiku wa nyenyezi zambiri, mphepo itadeka, saiwala ngakhale atatopa motani. Galimotoyo amaiimikanso chafupi ndi khoma la nyumba, mphuno italoza kum'mawa, kuti dzuwa likangotuluka ligwire galasi.

Koma chimene ndimachisirira kwambiri ndi mmene amatsukira galasi mkati. Nthunzi imafuna pogwira. Imayambira pa fumbi, pa mafuta a zala, pa utsi wa fodya, pa kautoto kosaoneka kamene pulasitiki wa dashibodi amatulutsa akatenthedwa ndi dzuwa. Galasi loyera kwenikweni limachedwa kuchita nthunzi ndipo limauma msanga. Iwo ali ndi tinsalu tiwiri. Kamodzi ndi ka ntchito zonse. Kenako ndi ka galasi basi, kamakhala m'kajumbo kouma m'kabokosi ka kutsogolo, ndipo mnyamata wotsuka magalimoto amadziwa kuti akakagwiritsa ntchito pa dashibodi ndiye kuti ganyu yatha. Amanyowetsa pang'ono ndi madzi othira vinega, n'kupukuta, kenako n'kuumitsa ndi nyuzipepala yakale yofwinyidwa mpaka galasi litayamba kulira. Mkati amapukuta chopingasa, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Kunja amapukuta choimirira, kuchokera pamwamba kupita pansi. Akakhala pampando n'kuona mzere wotsala, amadziwiratu mbali imene uli pongoona kumene walozera. Pangodya ya pansi, pamene galasi limakumana ndi dashibodi ndipo dzanja silikwana, amatembenuza mkono, chikhatho kuyang'ana kumwamba, n'kukankha nyuzipepala ndi nsonga za zala. Pamenepo ndi pamene otsuka ambiri amalumpha, komanso ndi pamene mpweya wa fani umayambira kugunda.

Polishi wonyezimiritsa dashibodi samulola m'galimoto mwawo. Anyamata amamukonda poti galimoto imaoneka yatsopano, koma dzuwa la masana limamukweza pa galasi, ndipo m'mawa mwake nthunzi imapeza pokhala. Pa mawindo a m'mbali amachita china: kupakapo sopo wouma pang'ono kwambiri, n'kumufikisa ndi nsalu youma mpaka asaonekenso. Sopo amaletsa madzi kuunjikana m'timadontho, amawayala kukhala kachiphimba kamodzi koonekera. Pa galasi lakutsogolo sapakapo, poti akachuluka pang'ono amasokoneza maso usiku.

M'mawa ntchito imakhala yatsala yochepa, koma ili ndi ndondomeko yake. Amachotsa katoni, kuliza injini, n'kutsitsa mawindo awiri pang'ono. Fani amaiyatsa italoza kumapazi kaye. M'mapaipi a mpweya mumagona chinyezi cha dzulo, ndipo munthu akangoyamba n'kulozetsa pa galasi lozizira, mpweya woyambawo umalipaka nthunzi yochuluka kuposa imene inalipo. Akapuma kangapo amatembenuzira ku galasi, kuyatsa AC, n'kupotoza kotentha mpaka kumapeto. Apa ndi pamene okwera amadabwa. AC m'chisanu chonsechi? Ambiri amaidziwa ngati yoziziritsa basi, koma ntchito yake ina ndi kuumitsa. Mpweya umadutsa pa kachitsulo kozizira kwambiri kuseri kwa dashibodi, umatula madzi ake pamenepo, madziwo n'kudonthera pansi pa galimoto kudzera pa kapaipi. Ukatero umadutsa pa hita n'kufunda. Ukamafika pa galasi umakhala wouma ndi wofunda, waludzu, ndipo umamwa nthunzi ija. Galasi limayamba kuyera kuchokera pansi, m'timabwalo tiwiri timene timakula kukwera m'mwamba mpaka titakumana pakati. Iwo sasuntha galimoto mpaka timabwaloto titakumana. Galasi lakumbuyo lili ndi timizere take ta magetsi tolitenthetsa, ndipo popukuta amatsata timizereto mofatsa, poti kamodzi kakaduka ndi chikhadabo kapena katundu, kamafa mzere wonse.

Batani limodzi limawononga ntchito yonseyi, ndipo madalaivala ambiri sadziwa kuti ndi lopanidwa. Magalimoto athu ambiri ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa chipata cha Songwe, ndipo buku lake, ngati lilipo, limakhala la Chijapani. Munthu amaphunzira mabatani pongowayesa. Pali lina lojambulidwa kagalimoto kokhala ndi muvi wokhota mkati. Limatseka mpweya wa kunja kuti wa mkati womwewo uzingozungulira. Pa msewu wafumbi, kapena kumbuyo kwa lole yofuka utsi, ndi lothandiza. Koma anthu amalipana m'chilimwe n'kuliiwala mpaka Julayi. Tsono taganizani. Mkati mwa galimoto yaing'ono muli mpweya wa mabokosi aja atatu kapena anayi okha, umene pa madigiri 10 sungasunge ngakhale magalamu 40 a madzi. Munthu mmodzi atangokhala phee amatulutsa magalamu makumi angapo pa ola kudzera m'mpweya ndi pakhungu. Sienta inapangidwira anthu 7, ndipo tonse tikudziwa kuti pa siteji masamu amenewo sawatsata. Mpweya wa anthu onsewo ukamazungulira mkati mopanda kotulukira, ngakhale fani italira bwanji, galasi silingayere.

Apa luso limasanduka la kukhala ndi anthu. Zenera lotseguka m'mawa wa Julayi ku Mzuzu ndi mlandu. Mayi wobereka mwana sachedwa kulankhula: "Adada, tatsekani windo, mwana azizidwa." Dalaivala wachinyamata amachita chimodzi mwa ziwiri, kutseka n'kuyamba kupukuta ndi dzanja, kapena kukalipa. Adadawa amati, "Pepani amama, kampata ka chala chimodzi basi, ndikatseka sindiona msewu." Ndipo amakhala atakonzeratu pokweza anthu. Mayi wa mwana amamukhazika pakati, kutali ndi mphepo. Zenera lotsegula limakhala lawo lomwe, kuti kuzizira kugwere pa phewa lawo, ndi lina lakumbuyo mbali inayo, kuti mpweya udutse chopingasa n'kutuluka. Wovala jekete lonyowa amamupempha alivule alipinde. Dengu la masamba limapita kubuti. Sakangana ndi munthu, koma kampata kaja sakatseka.

Ali ndi chifukwa. Nthawi imene galasi limachita nthunzi ndi yomweyo imene msewu umadzaza ndi anthu osaoneka bwino: ana a sukulu ovala majuzi akuda, amayi osenza katundu wa kumsika, anyamata a njinga za Sacramento opanda nyali, onse m'mphepete mwa tala mkati mwa nkhungu. Woyang'ana pa kabowo kopukuta ndi dzanja amaona kutsogolo kokha. Mwana wodumpha msewu amachokera m'mbali, kumene kwatsala koyera.

Wina anganene kuti AC imadya petulo, ndipo sakunama. Ndi mmene mafuta akwerera mtengo, wa takisi amawerenga dontho lililonse. Adadawa nawo saisiya ikulira ulendo wonse. Galasi likayera ndipo injini ikatentha, amaizimitsa n'kusiya hita ndi mpweya wa kunja zigwire ntchito, pakuti mpweya wozizira wa kunja, ngakhale wa m'nkhungu, ukautenthetsa umakhala ndi malo ambiri onyamulira madzi. Diso lawo limakhala pa ngodya zapamwamba za galasi, kumene nthunzi imayambira kubwerera. Ikangoonekera kachifunga, chala chimapita pa batani osayang'anapo, kwa kanthawi, n'kuzimitsanso.

Hita imeneyi ndi imene ili ndi adani m'magalaja mwathu. Imatenga kutentha ku madzi a injini, amene amadutsa m'karadiyeta kakang'ono kobisika mkati mwa dashibodi. Kakayamba kudontha, kukafikira n'kumasula dashibodi yonse, ntchito ya tsiku lathunthu. Makaniko wofulumira amangodula mapaipi awiri opita kumeneko n'kuwalumikiza okhaokha, n'kunena kuti kuno ndi kotentha, hita ndi ya azungu. Enanso amachotsa thermostat ati kuti injini isamatenthe, osadziwa kuti ikachoka injini imachedwa kufika pa kutentha kwake, imadya mafuta ambiri, ndipo hita imangouzira mphepo yozizira mpaka munthu wafika ku Ekwendeni. Mawu oti kuno ndi kotentha mwina angamveke ku Nsanje kapena ku Chikwawa. Kuwanena ku Mzuzu ndi ulesi, ndipo ndimanena mosabisa. Adadawa sasiya galimoto yawo kwa makaniko wotero. Kudontha kwa hita amakuzindikira msanga ndi mphuno: kafungo kotsekemera fani ikayaka, ndi nthunzi ya mtundu wina, yonata, imene ukapukuta imangopakika osachoka. AC amaiyesa poyang'ana pansi pa galimoto ikaima. Pakakhala kadziwe ka madzi oyera chakutsogolo, zili bwino. Pakakhala pouma koma kapeti wa kumapazi kwa wokwera atanyowa, kapaipi kotayira katseka, ndipo kawaya kaja kamagwiranso ntchito.

Akatuluka m'tauni, msewu uliwonse uli ndi khalidwe lake. Wa M1 wolowera kummwera umakwera m'nkhalango ya Chikangawa, kumene nkhungu imatha kutseka msewu masana enieni. Kumeneko galasi limanyowa mbali zonse ziwiri, ndipo munthu ayenera kudziwa mbali yoti alimbane nayo. Iwo amamenya waipa kamodzi. Pakayera, vuto lili kunja. Pakapanda kusintha, lili mkati. Nyali amayatsa zapansi, chifukwa zapamwamba zimagunda nkhungu n'kubwerera m'maso. Wa ku Nkhata Bay umachita zosiyana. Pa mtunda wosakwana makilomita 50 galimoto imatsika kuchoka m'chisanu cha Mzuzu kukafika kunyanja, kumene kuli pansi pa mamita 500. Galasi limatsika lili lozizira n'kukakumana ndi mpweya wofunda wa chinyezi, ndipo nthunzi imagwira kunja. Dalaivala wosazolowera amapukuta mkati mpaka kutopa, kapena amawonjezera AC yozizira pa galasi, zimene zimangokulitsa chibanga chija pansi pa mawaipa. Adadawa asanafike pa makhota otsetsereka amakhala atachotsa kale mphepo yozizira pa galasi n'kulifunditsa pang'ono.

Madzi oundana ndi osowa m'tauni muno, koma amene anagonapo ku Chelinda pa Nyika, pamwamba pa mamita 2,000, m'miyezi yomweyi amadziwa galasi lodzuka litauma gwa. Abale athu a ku Johannesburg amakumana nazo chaka ndi chaka. Choyamba chimene munthu amaganiza ndi ketulo ya madzi otentha, ndipo ndi mmene magalasi ambiri amathera. Mbali imodzi ikafutukuka mwadzidzidzi inayo ili yozizira, kabala kakang'ono ka mwala kamene kanali phee kamathamanga kukhala mng'alu mpaka kungodya. Kunja, odziwa amapala ndi kapulasitiki kolimba ngati kakhadi kakale, osati mpeni kapena kiyi. Zikaundana mkati, ndiye kuti m'galimoto munagona madzi ambiri. Pamenepo amayala thaulo pa dashibodi asanayatse hita, kuti zosungunukazo zisatsikire m'mabowo a mpweya ndi m'mawaya, apo ayi mawa lake zidzabwereranso pa galasi lomwelo. Hitayo amaikweza pang'onopang'ono.

Nyengo yozizira ikatha madalaivala ena amaiwala zonsezi mpaka chaka chamawa, n'kudzapeza fani yafa, kachitseko kosinthira mpweya kauma, gasi wa AC wathawa. Adadawa amayatsa AC kamodzi pa mlungu chaka chonse, ngakhale tsiku losafunika, chifukwa mafuta ofewetsa timalabala ta m'mapaipi amayenda pamodzi ndi gasiyo, ndipo ikakhalitsa osayaka timalabalato timauma n'kuyamba kutaya. Hita nayo amaiyesa. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pamutu, akudikira anthu pa siteji, amapotoza kotentha mpaka kumapeto, n'kuika dzanja pa bowo lililonse la pansi pa galasi kuti amve ngati onse akuuzira mofanana. Amene wakwera kale amatuluka akupukuta thukuta, ena n'kufunsa ngati madalawa ali bwinobwino. Iwo amayankha kuti bowo la kumanzere likuuzira mofooka, ndipo amatuma mnyamata akawabwerekere sikuludiraiva.